Tsiku Limene Amalume Anaperekeza Nyimbo

Anthu amati ine Alinesi ndine wamiseche. Si zoona. Ine ndimangomva zinthu, ndiye zikandichulukira m'mutu ndimagawirako anzanga. Koma nkhani iyi yokha ndili nayo ufulu wonse, chifukwa ndi ya adadi anga enieni ndi amalume anga enieni, ndipo panafika poti akuluakulu anachita kundiitana kuti ndiyankhule.

Adadi dzina lawo ndi a Everson. Mkati mwa sabata amayendetsa galimoto ya bwana wina wa ku City Centre, ndipo ife timakhala m'boyizikota kuseri kwa nyumba ya bwanayo ku Area 14. Likafika Loweruka amavala chipewa chachikulu ndi jombo zosongoka zomwe anagula pa kaunjika, basi asanduka woimba kantire, nyimbo zija za azungu oweta ng'ombe atakwera pa kavalo. Kavalo sanamukwerepo. Ng'ombe amaiopa. Koma akayamba kuimba, azimayi amapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Kantire wawo si uja wofewa wa pa wayilesi Lamlungu m'mawa ayi. Wawo ndi wokanda kukhosi, wonena za matope, malole ofera panjira ndi anthu opita osabwerako. Iwo amati ndi kantire wa mbali ina. Mbali yake ine sindiidziwa.

Bandi yawo inkatchedwa Ng'ombe Zosochera, ndipo munali anthu atatu. Adadi ankaimba ndi kukhwacha gitala. Amalume a Clifton, achimwene awo a amami, anali pa gitala ija yolira: amavala kabotolo ka mankhwala a chifuwa kuchala n'kumakatsetseretsa pa nsambo, gitala n'kumalira ngati munthu. Wachitatu anali a Bashir, telala wa ku Old Town, pa ng'oma.

Chimene chinathetsa bandiyo ndi batani. Amalume anagula kiyibodi, ija yoti ukadina batani imadziimbira yokha ng'oma. Ankati anthu a masiku ano akufuna kuvina, kulira ali nako kale kunyumba. Tsiku lina akuimba pa phwando la mkulu wina wopuma pantchito ku Area 11, adadi ali pakati pa nyimbo yachisoni, maso atatseka, amalume anadina batanilo. Azimayi anadzuka n'kuyamba kuvina, ena nthungululu. Adadi anatsegula maso, anayang'ana, anamaliza nyimbo bwinobwino, kenako anabereka gitala kumsana n'kukwera kabaza. Chakudya osadya. A Bashir nawo anati iwo sangapikisane ndi batani, anabwerera ku makina awo osokera. Kuyambira tsiku limenelo adadi ndi amalume sayankhulana.

Patapita miyezi adadi anati atulutsa chimbale chawochawo, paokha. Poyamba ankafuna kuchitcha Popanda Alamu, koma amami anawayang'ana kamodzi, dzinalo linafera pomwepo. Kojambulira kunali kwa a Bashir, amene ali ndi kasitudiyo kuseri kwa shopu yawo. Nyimbo zatsopano adadi anapeka zambiri, zina zabwino ndithu, ina yonena za tayala. Koma panali nyimbo imodzi yakale imene anati ikapanda kulowa, chimbalecho sichituluka. Dzina lake Msewu wa ku Kasiya. Imanena za tsiku limene ankapita ndi maliro a agogo, amayi awo a adadi, kumudzi nthawi ya dzinja, lole n'kutitimira m'matope. Bandi inkaiimba nyimboyi kulikonse koma inali isanajambulidwepo mu situdiyo.

Amalume anamva. Anamva bwanji, ine sindikudziwa, chifukwa ine ndinangouza mwana wawo yekha. Sanaimbire adadi, anaimbira amami, ndipo foni ya amami imamveka mpaka kubafa.

"Eveless, uwauze amuna akowo kuti mawu ndi awo, koma kulira kwa pakati paja n'kwanga. Nyimbo ija asaiyerekeze."

Amami anauza adadi. Adadi anati, "Muwauze achimwene anuwo kuti amene anamwalira ndi amayi anga, osati amayi a kiyibodi."

Amami anauza amalume, koma za kiyibodizo anachotsako. Ine ndinazibwezeretsa kudzera kwa mwana wawo uja, kuti uthenga ufike wathunthu. Zinayenda choncho kwa masabata, mpaka tsiku lina amami anaponya chikolopa pansi.

"Ine ndatopa. Kuno mwamuna, uko mlongo wanga. Ndikuitana ankhoswe."

"Ankhoswe pa nkhani ya nyimbo?" anafunsa adadi.

"Nyimboyo ikugona pakati pa ine ndi inu pabedi. Ndiye ndi nkhani ya banja."

Apa panali kavuto. Nkhoswe ya amami, amene amayenera kuweruza banja lawo likavuta, ndi amalume a Clifton omwewo. Munthu sangaweruze mlandu wake. Ndiye kuchikazi kunabwera a Naphiri, mayi awo aang'ono a amami, amene amagulitsa zitenje mumsika wa m'tauni ndipo samwetulira ngakhale kasitomala. Kuchimuna kunabwera a Ezekiel, asuweni awo a adadi, mkulu wa mpingo, munthu wofatsa woti ngakhale udzudzu amaupepesa asanauphe.

Anakhala Lamlungu masana pansi pa mtengo wa mango kuseri kwathu. Amalume anakhala moyang'ana mpanda, adadi moyang'ana thanki ya madzi. Ine ndinkasesa chapafupi. Malowo anali oyera kale, koma ukhondo sukwana.

A Ezekiel anatsegula ndi pemphero. Atangoti ameni, a Naphiri anayamba.

"Wamenya mnzake ndani?"

"Palibe, mayi," anatero amami.

"Pali mkazi wina?"

"Ayi."

"Mowa?"

"Ayi."

"Nanga ine mwandiyendetsera chiyani dzuwa lonseli?"

Amami anafotokoza. A Naphiri anamvetsera kukamwa kuli kotseka ngati kachikwama. Kenako anati sangaweruze chinthu chimene sanachione, ndiye amalume anatulutsa foni n'kuika kavidiyo kakale ka bandi ikuimba nyimboyo. Itafika pakati, pomwe gitala ya kabotolo imalira, a Ezekiel anavula magalasi n'kumawapukuta nthawi yaitali. A Naphiri sanaphethire n'komwe.

"Ndiye mwana mukulimbiranayo ndi ameneyu," anatero.

"Ndi nyimbo, mayi," anatero adadi.

"Ndamva. Ine milandu ya nyimbo sindinaweruzepo, koma ya ana ndaweruza yambiri. Awiri mwabereka chinthu, mwasiyana, aliyense akuti n'changa. Chasiyana n'chiyani? A Ezekiel, chasiyana n'chiyani?"

A Ezekiel anati iwo sakuona kusiyana kwenikweni.

"Chabwino. Anabadwira kuti?"

"Pa msewu wa ku Kasiya, pamwamba pa lole," anatero adadi.

"Pakhonde panga ku Area 9," anatero amalume, akuuza mpanda.

Anakanganapo pang'ono, aliyense akuyankhula ndi a Naphiri ngati mnzakeyo palibe. Ndiye a Naphiri anatembenuka.

"Iwe wosesa fumbi loti kulibe, bwera kuno. Akuti palibe chimakudutsa. Nyimboyi unayamba kuimvera kuti?"

Ndinagwada, tsache lili m'manja. Adadi anandiyang'ana ndi maso aja otanthauza kuti kumbukira amene amakugulira yunifolomu. Koma a Ezekiel anali ndi Baibulo pamwendo, ndipo ine pamaso pa Baibulo sindinama.

"Mawu anabwera nawo ndi adadi kuchokera kumaliro," ndinatero. "Ankangowanena pansipansi, posamba, potsuka galimoto. Koma analibe chuni. Loweruka lina tinapita kwa amalume, adadi anawanena mawuwo pakhonde, amalume n'kutenga kabotolo. Ine ndinali m'mtengo wa gwafa. Pamene ndinkatsika, inali nyimbo."

Ndinafunanso kuwonjezera zoti tsiku limenelo amalume anali atakangana ndi akazi awo pa nkhani ya wigi, koma anati zakwana.

"A Everson," anatero a Naphiri, "poyeserera nyimbo zanuzi, ndani ankapita kwa mnzake?"

"Ine. Kuno bwana safuna phokoso."

"Loweruka lililonse?"

"Eya."

"Ndi gitala yanu kumsana?"

"Eya."

"Ndiye inu kumeneko munali mkamwini. Mwambo mukuudziwa, nanunso ndinu a konkuno. Mwamuna akapita kukakhala kwa akazi, banja likatha amanyamula bulangete lake n'kumapita. Ana amatsala. Inu bulangete lanu ndi gitalayo, ndipo ndamva kuti munanyamula kale."

Apa a Ezekiel anakumbukira kuti anabwerera mbali ya adadi. Anakweza chala.

"Pepani mayi, kungothandizana nzeru. Khonde likunenedwalo si la a Clifton. Nyumba ija eni ake ali kunja, a Clifton amangoiyang'anira."

"Ndiye mwana akabadwira m'nyumba ya lendi amakhala wa alandilodi?"

A Ezekiel anatsitsa chala.

Adadi anasiya kuyang'ana thanki ija. Ine nditaona nkhope yawo ndinasiya kusangalala ndi umboni wanga. Kenako anayankhula motsitsa, osati ngati pa mlandu.

"Mayi, amayi anga alibe chithunzi chabwino ngakhale chimodzi. Chomwe ndili nacho ndi nyimbo imeneyi."

A Naphiri anawayang'ana kanthawi. Nkhope sinasinthe, koma anakonza mpango kumutu.

"Bambo saletsedwa kuona mwana wake," anatero. "Nyimbo ndi ya kuchikazi, zimenezo zatha. Koma ipite ku situdiyoko ikacheze kwa bambo ake. A Clifton, inu ndinu mwini mbumba, muiperekeze. Mukakhale pomwepo, muone mmene akuisamalira. Mukakhutira, ilowe m'chimbalemo. Mukapanda kukhutira, mubwerere nayo, ndipo a Everson asadzaitchulenso. Tsekani ndi pemphero, a Ezekiel, minibasi zikutha."

Loweruka lotsatira amami anandipatsa ntchito. "Anthu awiriwa sayankhulana. Pita ukakhale pakati, ine mbali yanga ndinakwanitsa."

Shopu ya a Bashir ili m'kanjira kena ku Old Town, kufupi ndi mzikiti, pakati pa wogulitsa mapaipi ndi wokonza mafoni. Kutsogolo kuli makina osokera ndi madiresi a akwati atapachikidwa. Ukadutsa katani ndiye situdiyo: kachipinda kopanda windo, makoma omata makatoni a mazira, kompyuta, maiki imodzi yoimika ndi fani yomwe amaizimitsa pojambula. Mukakhalamo anthu anayi mumapumirana.

Amalume anafika atavala jekete ndi tayi ngati akupita ku chinkhoswe. Gitala sanatenge. Kabotolo sanatenge. Anapereka moni kwa a Bashir, anapereka moni kwa ine, anapereka moni kwa mayi wina wodzayesa diresi, kenako anakhala pa kampando m'ngodya, manja pa mawondo. Bondo lawo ndi la adadi zinatsala pang'ono kugundana.

"A Clifton, simukhudzako nsambo lero?" anafunsa a Bashir.

"Ine ndangoperekeza, a Bashir."

Adadi anavala mahedifoni. Anali atakonzeka, anabwera ndi kabotolo kawokawo ka tsabola, kotsukatsuka. Ndime yoyamba anaimba bwino. Atafika pakati paja anavala kabotoloko n'kukatsetseretsa. Phokoso lomwe linatuluka ndinalimvapo kamodzi, tsiku limene bwana anaponda mphaka ndi galimoto pobwerera m'mbuyo.

A Bashir anaimitsa. "Tiyesenso, bambo a Alinesi. Mwina kabotoloko sikanazolowere."

Anayesanso. Mphaka yemweyo.

"Alinesi," anatero amalume, "uwauze adadi ako kuti mwanayo akumupotokola khosi."

Ndinatembenuka. "Adadi, akuti mukumupotokola khosi."

"Uwauze amalume ako kuti woperekeza saphunzitsa bambo kanyamulidwe ka mwana."

"Amalume, akuti..."

"Ndamva. Uwauze kuti botolo la tsabola ndi la tsabola."

Anayesa kangapo. Ulendo wina zinkaoneka ngati ziyenda, koma mnyamata wa kushopu anapalasa makina osokera. Ulendo wina wokonza mafoni anayesa sipika. Thukuta linkatsika m'chipewa cha adadi, chifukwa ngakhale mu situdiyo yopanda windo iwo savula chipewa. Kenako kunamveka kuitana kwa kumzikiti. A Bashir anavula mahedifoni n'kuvala kofia.

"Ndikupita kukaswali. Musaphane, makatoniwa ndinavutika kumata."

Tinatsala atatu. Ndinayatsa fani. Kunali zii, ndipo ine zii amandidwalitsa, ndiye ndinawafotokozera za mtsikana wantchito wa nyumba yoyandikana nafe amene amavala zovala za madamu ake akapita ku ofesi. Palibe anaseka. Ndinawafotokozeranso za aphunzitsi athu a masamu ndi mayi wogulitsa mandasi. Palibe anafunsa kuti kenako zinatha bwanji, chonsecho mathero ake ndi okoma.

Gitala inali itatsamira khoma pakati pawo. Amalume ankaiyang'ana m'mbali, chala chawo cha kabotolo chikugwedera chokha. Adadi anaona. Akanangonena kuti alamu tathandizani, bwenzi zitatha. Amalume akanangotambasula dzanja, bwenzi zitatha. Koma amuna a m'banja mwathu atha kufa ndi ludzu atakhalira chidebe.

A Bashir atabwera, amalume anaimirira n'kukoka jekete.

"Alinesi, uwauze kuti ndaona zokwanira. Sindinakhutire. Ndibwerera naye."

Uthenga umenewu sindinaupereke. Adadi anali ataumva kale, ndipo nkhope yawo inali ngati tsiku lija anabwera kuchokera ku Kasiya.

"A Clifton, khalani pansi," anatero a Bashir. "Mlendo sanyamuka tiyi ali pamoto. Kamodzi kokha, kenako muzipita."

Kunalibe tiyi aliyense, koma amalume anakhala, kunsonga kwa mpando.

Adadi anavula kabotolo ka tsabola n'kukaika pansi. "A Bashir, pakati paja ndisiya chabe. Pasakhale kanthu."

"Chabe?"

"Chabe. Mwini wake wa malowo kulibe."

A Bashir anazimitsa fani, anakalipira mnyamata wa makina kudzera pa katani, n'kukweza dzanja.

Ulendo uno adadi anaimba pang'onopang'ono kuposa kale, mawu okhaokha ndi gitala yapansipansi. Anaimba za lole itaima m'matope, mvula ikugogoda pa tenti yomwe anafunditsa bokosi. Pali pena pamati, amayi dikirani pang'ono, munatidikira kale kambiri. Ine nyimboyi ndaimva kuyambira ndili wamng'ono mpaka inandikola, koma m'kachipinda kaja inamveka ngati ndikuimva koyamba. Anafika pakati. Anangokhwacha nsambo mofewa, kamodzi, kamodzi, malo a kulira aja ali pululu.

Ndiye kunamveka kanthu. Kamawu kotsika, kotulukira m'mphuno, kokwera pang'onopang'ono kenako n'kutsetsereka, ndendende mmene kabotolo kamachitira. Ndinayang'ana a Bashir, si iwo. Ndinayang'ana m'ngodya. Amalume anali atayang'anitsitsa katoni ya mazira, kukamwa kotseka, nkhope ya munthu amene akudikira basi. Koma pakhosi pawo tayi inkanjenjemera. Paja tsiku la malirolo iwonso analipo, anakankha nawo lole ija mpaka nsapato imodzi inatsalira m'matope.

Adadi sanatembenuke. Anadikira kamawuko kamalize njira yake yonse, kenako analowa ndime yomaliza.

Nyimbo inatha. A Bashir anadinadina kompyuta n'kuibwereza pa sipika. Zonse zinalimo, chifukwa maiki ija imatola ngakhale m'mimba mukalira. Pakati paja kamawu ka m'mphuno kanamveka bwinobwino, kumbuyo kwa gitala.

A Bashir anaimitsa, n'kukanda ndevu. "Pakatipa palowa kaphokoso. Ndikhoza kukachotsa, koma ndiye tijambulenso yonse. Ndichotse?"

Anafunsa akuyang'ana kompyuta, osati munthu.

"Kaphokoso kanji?" anatero amalume.

A Bashir anabwerezanso malo omwewo, mokweza. Kamawu kaja kanadzaza chipinda chonse, mpaka mayi wa diresi uja anasuzumira pa katani.

"Ine sindikumva kanthu," anatero amalume.

"Inenso sindikumva kanthu," anatero adadi.

"Mwina ndi makutu angawa," anatero a Bashir. "Makina osokera amawononga makutu." Anadina batani losunga, n'kulemba dzina la nyimboyo kumapeto kwa mndandanda wa chimbale.

Amalume anaimirira, anamanga batani la jekete, anasasa fumbi pa thalauza.

"Alinesi, uwauze adadi ako kuti mwana atha kugona konkuno."

Anatuluka, katani n'kugwedera. Adadi anakhala kanthawi akupukuta nsambo ndi kansalu, chonsecho zinali zoyera.

"Ati chiyani amalume ako?"

"Akuti mwana atha kugona konkuno."

"Oho." Anapukutanso nsambo ina. "Thamanga, ukawauze kuti zikomo."

Ndinathamanga, kudumpha mapaipi, kuzemba ngolo ya makala. Ndinawapeza pakona akukambirana ndi wakabaza, mwendo umodzi atauponya kale pa njinga.

"Amalume! Adadi akuti zikomo."

Anandiyang'ana kuchokera pamwamba pa njingayo, tayi ili paphewa.

"Zikomo ya chiyani? Ine ndangoperekeza. Tiye, aise."